Tsiku limene ndinathokoza Madamu m'Chingerezi

Ine sindilankhula zambiri. Tsiku limene ndinawonjezera mawu amodzi okha, mwana wanga anakana sukulu.

Ndimagulitsa kachewere pa Lizulu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Mwana wanga Tiyamike ali Folomu 4. Madamu a Chingerezi amaphunzitsa iye ndi anzake ulere Loweruka lililonse, kuwakonzekeretsa mayeso, ndipo amawapatsa mawu akuluakulu oti aloweze.

Tsiku lina ndinamumva akubwereza mawu akuti notorious. Anandikomera m'khutu.

"Amenewo ndiye kuti chiyani?"

"Munthu wotchuka, Ababa, koma wotchuka..."

"Basi. Ndamva."

(Zofotokoza zazitali ine ayi.)

Ndinayamba kuwayesa pamsika. Dalaivala wa lole atafunsa ngati kachewere wanga ndi wabwino, ndinati, "Bwana, uyu ndi notorious." Anaseka, nagula. Ndinati mawuwa ali ndi mwayi. Lamulungu ndinauza mkulu wa mpingo kuti kwaya yathu ndi notorious. Anati zikomo kwambiri. (Nawonso analekezera pomwe ndinalekezera ine.)

Kenaka kunabwera msonkhano wa makolo. Anasankha ine kuti ndithokoze Madamu, poti ndimafupikitsa nkhani. Ndinavala jekete. Holo inadzaza: makolo, aphunzitsi, ana a Folomu 4 kumbuyo.

Ndinaimirira. "Madamu, zikomo. Ana athu mukuwathandiza."

Ndikanalekera pomwepo. Koma ahedi ankandiyang'ana, ndipo ndinafuna adziwe kuti kwathu Chingerezi chimafika.

"Kuyambira pa Lizulu mpaka ku Bwanje, palibe amene sakukudziwani. You are very notorious."

Makolo anaomba m'manja. Aphunzitsi sanaombe. Kumbuyo ana anafa nazo nseko. Ine ndinayesa asangalala, ndiye ndinabwereza mokweza. Ndinawonjezera kuti ahedi nawonso ndi notorious, koma sangafike pa Madamu.

Tiyamike anatuluka atadziphimba kumaso ndi juzi.

Kunyumba anandilandira ndi misozi. "Ababa, ndimati wotchuka ndi zoipa! Ngati mbava!"

"Bwanji sunanene?"

"Munandilola kumaliza?"

Amayi ake anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Lolemba mwana sanapite kusukulu. Anati anzake akumutcha mwana wa Notorious, ndipo Madamu sangathenso kuwayang'ana kumaso. Mayeso ali pafupi. Apa ndinaona kuti zavuta.

Ndinakwera njinga. Madamu ndinawapeza pakhonde la kalasi. Ndinavula chipewa.

"Madamu, ndinalakwa. Mwana alibe mlandu."

Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Bambo a Tiyamike, mawu amenewo ndawaphunzitsa zaka zambiri, ana amangoiwala. Chaka chino palibe amene aiwale. Abwere mawa. Womuseka aonana ndi ine."

Ndinathokoza, m'Chichewa. Koma ndikuvala chipewa lilime linayabwa. Ndinawauza kuti mwana wa mchimwene wanga akukwatiwa, ndipo wolankhula m'malo mwa banja ndine. Kodi alibe mawu ena olemera oti ndikatsegulire?

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Bambo, you are incorrigible."

Tiyamike anabwerera kusukulu. Tanthauzo la mawu atsopanowo sindinamufunse, mwana ali ndi mayeso. Komanso munthu wophunzira sangakupatse mawu aatali chonchi akhale achabe. Ndawasungira mkwati.