Chitenje Chimodzi, Amayi Awiri

Mundikhululukire owerenga polimba mtima kulemba, ine amene sukulu yanga yambiri ndinaphunzirira pansi pa mtengo kuno ku Golomoti. Ndikulemba ndi mantha, chifukwa tsiku limene ndinayesapo kuoneka wophunzira ndinatsala pang'ono kusanduka wamasiye amayi awiri ali moyo.

Ndinaleredwa ndi amayi aang'ono. Amayi ondibereka anakwatiwanso ku Mtakataka ndisanayambe sukulu, n'kundisiya m'manja mwa mng'ono wawo, amene sanadalitsidwe ndi mwana wawowawo. Pamudzi palibe ankaikumbutsa nkhaniyi. Ine ndinkangoti "amayi", iwo n'kumati "iwe", basi.

Chaka chimenecho kutchalitchi kwathu anakonza zoti pa Tsiku la Anakubala wachinyamata aliyense adzaveke mayi ake chitenje pamaso pa anthu. Apampando anandisankha kuti ndidzayambe ndi mawu. Mumtima ndinakana, koma pakamwa panatuluka "zikomo" (matenda amenewa ndinabadwa nawo). Ndinagulitsa tambala wanga n'kugula chitenje chimodzi cha maluwa achikasu.

Zokanena ndiye ndinalibe. Ndinapalasa njinga mpaka ku Mua kwa bambo ena okalamba amene anasiyira seminale panjira. Iwo anandiuza kuti m'Chilatini mayi ndi mater, ndipo mawuwa ali ndi abale ambiri: Apwitikizi amati mãe, Ataliyana madre, Angerezi mother. Anati Aroma ankatchula choncho ngakhale tsinde la mtengo limene latulutsa nthambi, ndipo matenite wa kuchipatala uja dzina lake linachokera pomwepo. Anawonjezeranso kuti mng'ono wa mayi ali ndi dzina lakelake. (Ndinamva pambuyo pake kuti mater yemweyo ankatchulira ngakhale mlezi wa mwana. Mwina ananena, ine ndili kalikiliki kuloweza madre.)

Tsikulo litakwana ndinaimirira kutsogolo, ndipo nditakweza maso ndinaona amayi a ku Mtakataka atakhala pambali pa mng'ono wawo. Wina anali atawauza kuti mwana wawo alankhula, iwo n'kukwera minibasi. Munthu wanzeru akanasintha mawu, koma ine zoloweza zija zinangoyamba kutuluka zokha ngati mbuzi m'khola. Anthu anawomba m'manja pa Chipwitikizi, ndipo ndinatenthedwa nazo mpaka kuwonjezera zanga:

"Choncho mater weniweni ndi amene anakulowera ku matenite. Wina aliyense, kaya akukonde bwanji, Chilatini chili ndi dzina lake lina."

Apampando anatsokomola n'kundiuza kuti ndiitane mayi anga. Amayi a ku Mtakataka anadzuka. Amayi aang'ono anayamba kudzuka, kenaka anakhalanso n'kumakonza mpango wawo, umene unali bwinobwino.

Ndinafuna kusangalatsa onse awiri. Ndinaluma m'mphepete mwa chitenje chija ndi mano n'kuching'amba pakati. Sindinkadziwa kuti nsalu yatsopano imalira chotero m'nyumba ya Mulungu. Ndinagwada n'kupereka chidutswa uku, chidutswa uku. Kumbuyo mayi wina ananong'ona, kunong'ona komveka mpaka kuguwa, kuti kodi azivala mwendo umodzi umodzi?

Amayi a ku Mtakataka anasiya chidutswa chawo pabenchi. Pokwera minibasi anandiuza kuti sanayende ulendo wonsewo kudzalandira kansalu kopukutira mbale. Amayi aang'ono anapinda chawo bwinobwino.

Ndinafika kunyumba ndikuyembekezera kukalipiridwa. Koma nthawi ya chakudya amayi aang'ono anabwera ndi madzi, n'kugwada patali.

"Sambani m'manja, aphunzitsi."

Ndinayesa nthabwala. Sinali nthabwala. Anayamba kundiyalira mphasa ya alendo, kundikazingira dzira, ndipo kumjigo ankatuma ana a eni ake ine ndili pomwepo. Nditapepesa anayankha mwaulemu kuti panalibe mlandu, popeza ndinanena za m'mabuku, ndipo iwo mabuku sanawerenge. Ndikasesa pabwalo ankandithokoza kuti ndawathandiza kwambiri. Ndikawaitana kuti "amayi" ankacheuka kuyang'ana ngati kumbuyo kwawo kuli munthu. Sindinadziwe kuti dzira lingawawe pakhosi chonchi. Ndinaonda ndikudya bwino.

Mvula inagwa, chimanga chinamera, ine ndidakali mlendo. M'mawa wina ndinakamangirira mbuzi kudambo maganizo ali kwina. Chingwe chinamasuka, ndipo mbuziyo inalowa m'munda mwa aneba n'kumweta mizere yonse ya m'mphepete. Aneba anabwera akulalata. Atachoka, ndinaona amayi aang'ono akutuluka m'nyumba patapata ali m'manja.

"Iwe! Ndinakulera ndi manja awa kuti uzilephera kumanga mbuzi? Mfundo imeneyi ndi ya Chilatini?"

Patapata anatera pamsana kawiri. Ine ndinangoima ndikumwetulira, misozi ili chuchuchu, zomwe zinawapsetsa mtima kwambiri moti anawonjezera kachitatu n'kundituma kumjigo.

Amayi a ku Mtakataka sanapondenso kuno mpaka lero, ndipo mlandu umenewo sindikudziwa kuti ndiuyambira pati. Chilatini ndinasiya. Mfundo ya mbuzi sindinaidziwebe bwino, ndipo kunena zoona sindikufulumira kuiphunzira. Koma kukhala mlendo m'nyumba yakwathu kunatha m'mawa umenewo, pa 1 Januwale.