Saladi ya Bambo a Tadala

Lolemba

Kuchipatala anena mosapsatira: BP ya bambo a Tadala yakwera. Mchere achepetse, zokazinga asiye, masamba achuluke. Mantha ndili nawo, sindinama. Koma nzeru ilipo: saladi! Ndinaidya kumsonkhano wa aphunzitsi ku Zomba, mpaka lero ndimailota. Sabata yonse, nkhomaliro iliyonse.

Zogula: nkhaka, tomato, anyezi, mapeyala, mandimu, uchi. Letesi kudimba kwa mayi Asiyatu, aneba athu.

Mayi Asiyatu: "Letesiyu ndimalimira a kuhotela. Inu mukamutani?" Aona.

Lachiwiri

Zodabwitsa! M'botolo la jamu: mafuta pang'ono, madzi a mandimu, uchi, adyo wosinja. Poyamba mafuta pamwamba, mandimu pansi, osapatsana moni. Ndikhutchumula, ndikhutchumula... zagwirizana! Msuzi wachikasu, wosalala, wosaona moto. Ndaima m'khitchini ndikungouyang'ana. Mulungu ndi wamkulu.

Bambo afika panjinga kuchokera kuofesi. Atafuna tsamba limodzi ngati akumwa mankhwala a malungo. "Zabwino ndithu. Nanga ndiwo zake zili kuti?"

Lachitatu

Ndawonjezera mapeyala ndi mtedza. Mbale yakongola moti ndaijambula pafoni. Bambo akuti akhuta kale. Kukhuta chiyani? Milomo ikunyezimira, malaya akununkha chiwaya! Tchipisi cha kumsika, mchere wake wothira ndi dzanja lonse. Munthu ameneyu akufuna kundisiya wamasiye.

Ndadya ndekha, ndili wokwiya. Komabe kukoma kwake, abale inu!

Lachinayi

Apongozi, mayi awo a bambo, atsika minibasi kuchokera ku Malosa osatiuza. Magetsi azima. Ndithamangira kugolosale kukagula shuga wa tiyi wawo, saladi ndaisiya patebulo. Pobwera, mbaula yayaka kale, saladi ikubwata mumphika. Letesi, nkhaka, mapeyala, zonse! Athiramo soda, mchere ndi nsinjiro.

"Ndakumalizirani, mwana wanga. Magetsi akazima musamasiye ndiwo panjira."

Ndagwada, ndathokoza. Ndikananena chiyani? Koma liwiro lake ndalivulira chipewa: kuyatsa makala, kusinja mtedza, kuphika, ine ndisanabwere pagolosale pomwepa. Bambo anyambita mbale.

Lachisanu

Nkhani yafika kumjigo: kwa aphunzitsi akudya zosaphika, makala awathera. Mayi Asiyatu abwera ndi jumbo ya makala. "Zimachitika, musachite manyazi." Ndiwafotokozera za mavitamini. Angogwedeza mutu mwachisoni, abwerera kwawo, abweranso ndi usipa. Mtima wa anthu a kuno, ayi ndithu! Ndasowa pogwira.

Saladi ya lero ndadyera kuchipinda, chitseko chotseka.

Loweruka

Apongozi andipezerera kuseri kwa nyumba ndikukhutchumula botolo. Ndaulula zonse: BP, chiwaya, mantha anga. Iwo akuti:

"Malemu amuna anga anagwa m'munda wa mpunga ndi matenda omwewa. Sanadzukenso."

Sindimadziwa. Misozi yanditsika.

Kenako aviika chala m'botolo, alawa. "Mchere mulibe? Koma ukukoma."

Paketi ya mchere ailowetsa m'chikwama chawo, zipi tseke. Amanga chitenje, ulendo wapansi kumsika kukaonana ndi wachiwaya. Zomwe amuuza sindikudziwa. Bambo adutsa pomwepo madzulo, akuti wachiwayayo wangowapatsa moni ali kumbali, n'kuvindikira tchipisi chake. Ine zaka zonsezi za ukwati, zoterezi sindinazithepo!

Lamulungu

Nkhomaliro: mpunga, nyemba, nkhwani wowiritsa wopanda mchere, pamwamba msuzi wanga wa m'botolo. Athira okha apongozi, mosamala ngati mafuta odzozera.

Bambo afunsa mchere. Mayi awo angowayang'ana. Bambo wamkulu, wa tayi, amene kuofesi amamuimirira akamalowa, waweramitsa mutu, wadya, wamaliza.

Ndatulutsa kambale ka letesi, ndanena monong'ona kuti ameneyu amadyedwa wamuwisi.

Apongozi: "Zimenezo n'zakuhotela. Mwana wanga sadya zaziwisi."

Basi, ndagonja. Saladi yafa, bola munthuyu akhale moyo. Apongozi akuti sabwerera ku Malosa mpaka BP itsike, ndipo botolo azisunga okha. Letesi wotsala aphika mawa.