Mbasela Yondimiza

Pa Chinzombo ponse palibe amene anandigulitsapo kanthu osandiikira mbasela. Tomato, kapenta, ngakhale masipoko a njinga, ine sindichoka mpaka awonjezerepo. Luso limeneli ndinkalumbira kuti silingandigwetse. Linandigwetsa, mpaka pansi penipeni.

Nthawi ya mvula alendo atachepa, loji imene ndimagulitsira ziboliboli pageti pake inatsegula kalabu yophunzitsa kumira m'madzi ndi botolo la mpweya kumsana. Amaphunzirira m'dziwe losambiramo alendo (mu Luangwa mphunzitsi akanakhala ng'ona). Anaitana madamu wina wa ku Lusaka kuti aziphunzitsa, ndipo anati wophunzira mmodzi wochita bwino adzapita naye ku Nyanja ya Tanganyika kukamaliza maphunziro, kukatenga khadi, n'kuyamba ntchito komweko.

Ine zinalibe nane ntchito, mpaka mlamu wanga Yotamu, wotchetcha kapinga palojipo, atalowa. Munthu amene ndinamuphunzitsa ndine kupalasa njinga! Madzulo alionse kwa amake Tiza, mkazi wanga, nkhani inali ya mlongo wawo: lero wakhala pansi pa madzi mpaka anthu kuda nkhawa, lero madamu amuombera m'manja. Ndinafunsa ngati pansi pa madzipo amapezako ndiwo. Anandiyankha kuti nsanje sionjeza msinkhu. Loweruka lotsatira ndinakalembetsa.

Madamu anafotokoza zambiri: za makutu, za kupuma modekha, za kabatani kopopera jekete kuti ukwere pamwamba. Ine maso anali pa Yotamu, amene amavala mapazi a chule osambirira aja ngati anabadwa nawo. Za kabatanizo zinandidutsa.

Kenako anagawa malamba a mtovu, othandiza kuti munthu amire. Yotamu, poti ndi wonenepa, anamumangira zitsulo folo. Ine anandipatsa ziwiri. Ndinafunsa chifukwa chake, ndipo anati thupi langa ndi mafupa okhaokha, limira lokha. Ndinayamba monga ndimayambira pamsika: tonse ndife ophunzira, kukondera n'koipa, ine ndi wamkulu kwa Yotamu. Madamu sanagwedezeke. Atatembenuka kukathandiza wina, ndinadziikira ndekha mbasela. Ndinalowa m'madzi ndi sikisi.

"Alamu, lamba wanuyo akuoneka wolemera," anatero Yotamu.

"Wolemera ndiwe. Samala kapinga wako."

Ena amatsika pang'onopang'ono ngati tsamba. Ine ndinatsika ngati khasu lothothoka m'mpini. Makutu anayamba kulasa, madzi analowa m'magalasi otchinga maso. Ndinayesa kudumpha, matako anakana kuchoka pa matailosi. Kabatani ndinakafunafuna kumbali yolakwika. Kenako nzeru zonse zitatha, ndinalavula chopumira kuti ndikuwe. Pansi pa madzi munthu sakuwa, amangomwa.

Amene anandifikira ndi Yotamu. Anandibwezera chopumira m'kamwa n'kugwira lamba kuti amasule. Apa ndiye pali manyazi anga aakulu: ndinamukaniza. Ndikufa, koma dzanja lili pa mbasela yanga (mwina ndinkaganiza kuti akufuna akhale ndi teni). Anachita kundipotokola chala, lamba n'kugwa, iye n'kundikokera pamwamba pondigwira jekete ngati mbuzi yogwera m'chitsime.

Ndikusanza madzi m'mbali mwa dziwe, madamu anavuula lamba uja n'kuwerenga zitsulozo mokweza pamaso pa onse. Ine sanandikalipire n'komwe. Anangotembenukira kwa Yotamu n'kunena kuti kupulumutsa munthu wosokonezeka mutu ndi phunziro la patsogolo kwambiri, koma iye walichita asanaphunzitsidwe. Za wopita ku Tanganyika zinathera pomwepo.

Pano Yotamu ali ndi khadi lachithunzi, ndipo amake Tiza amaonetsa aliyense pafoni, ndi ogula ziboliboli zanga omwe. Atabwera patchuthi ndinamuuza kuti popanda kumira kwanga akanakhala akutchetchabe kapinga, choncho theka la khadilo ndi langa. Anaseka, navomera, nandipatsa magalasi ake akale osweka mbali imodzi. Ndinawayang'ana bwinobwino n'kufunsa ngati palibe kapaipi kake kopumira kowonjezera. Anakatulutsa m'chikwama, anali atakakonzeratu.

Ndiye inu owerenga weruzani: iye ali ndi nyanja, ine ndapeza mbasela. Anapambana ndani?