Bwana, Batire Lathu la Buluu Lapezeka

Chipatala chaching'ono cha Kasyeta,
M'tsinde mwa mapiri a Mafinga,
Chitipa.
19 Ogasiti 1991

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Zipangizo za Zipatala za Kumidzi,
Kulikulu.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ndine Wallace Kadzakumanja, wothandizira dokotala pano pa Kasyeta, ngakhale anthu a kuno amanditcha adokotala ndipo ine sindinawatsutsepo. Ndiyambe ndi manyazi anga, kuti manyazi a anthu ena akamafika apeze mphasa yoyala kale.

Mu Meyi, tsiku la sikelo ya ana, ndinasonkhanitsa amayi onse pakhonde kuti ndiwaonetse firiji yatsopano ya katemera, imene munatitumizira pamodzi ndi sola ya padenga. Ndinavala tayi. Ndinawafotokozera m'Chichewa cha kwathu ku Dedza, chothira Chitumbuka changa chotsimphina, kuti boma lagwira dzuwa, lalimanga, ndipo tsopano dzuwalo likutipangira madzi oundana. Kenaka ndinaitana mayi mmodzi, Janet Nakamba, amene anali ndi mwana wa miyezi isanu ndi inayi kumsana, kuti apise dzanja m'firijimo auze anzake zimene wamva. Janet anapisa dzanja. Analisiya momwemo kanthawi ndithu. Ndiye anatembenuka n'kuuza anzake, mwaulemu wonse, kuti chinthuchi n'chabwino chomene, ndipo adokotala akalola iye azidzavundikamo nthochi. Amayi anaseka mpaka ana anadzuka kumsana. Tayi ija sindinaivalenso.

Katemera wa chikuku amene anali m'firijimo tinamutaya, chifukwa katemera akafunda amasanduka madzi wamba okhala ndi dzina la Chingerezi. A ku Boma anati satipatsanso wina kufikira firiji itazizira, ndipo sanalakwe. Mwana wa Janet anabwerera wosabayidwa. Kwawo ndi kuseri kwa phiri, kufupi ndi malire a Zambia, ulendo wa maola anayi wapansi. Anabweranso mu Juni, anabweranso mu Julayi, ndipo maulendo onsewo yankho langa linali kukanda m'mutu. Pano mwanayo wayamba kuimirira, ndipo tamva kuti kutsidya kwa malire chikuku chalowa m'midzi iwiri. Koma sindinalembe kalatayi kuti ndidandaule, Bwana. Ife tinaleredwa bwino. Ndalemba kuti ndithokoze, ndipo poti zothokoza zachuluka, mundilole ndizindandalike.

Choyamba, zikomo chifukwa cha batire. Titafufuza chimene chinkafunditsa firiji, tinapeza kuti kuseri kwake munatiikira batire lakuda la lole. Ndi batire lamphamvu, ndisaname. Masana dzuwa likamawala firiji imang'ung'udza mokondwa, koma dzuwa likangolowa batire limagwira ntchito maola awiri kapena atatu n'kugona, kukamacha katemera wafunda. Ku koleji, kumene ndinakhalako zaka zitatu n'kumvako pang'ono, anatiphunzitsa kuti mabatire ali mitundu iwiri. La galimoto lili ngati munthu woyambitsa nyimbo pamsonkhano: amakuwa kamodzi mwamphamvu, bwalo lonse n'kugwedezeka, kenaka amakhala pansi kudikira chakumwa. Ntchito yake ndi kudzutsa injini basi, injiniyo n'kumalibwezera mphamvu njira yonse. Mukamalikama pang'onopang'ono kuyambira madzulo mpaka m'mawa, tsiku ndi tsiku, limakalamba pa miyezi yochepa. Linalo, limene aphunzitsi ankalitcha dipu saiko, ine ndimangoti lopirira, lili ngati mayi wokolola mawere: sathamanga, sakuwa, koma amawerama kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mawa lake n'kubwereranso m'munda. Limalemera kwabasi, chifukwa mtovu wa m'kati mwake ndi wochindikala. Limenelo ndiye la sola, la nyali za m'boti, ndi la galimoto zogonamo zija za anthu oyenda kukaona dziko. Poyamba ndinkaganiza kuti ofesi yanu sidziwa zimenezi. Pepani, Bwana, ndinakuchimwirani m'maganizo. Ikudziwa, mwinanso kuposa aphunzitsi anga.

Chachiwiri, zikomo poyankha makalata anga atatu ndi kalata imodzi, chimene chikusonyeza kusamala mapepala a boma. Munati batire ndi batire, onse ndi a mavoliti khumi ndi awiri, ndipo mwina vuto ndi dzuwa la ku Chitipa. Izi n'zomveka. Zinthu zambiri zimafika kuno zitatopa: nyuzipepala, shuga, ngakhale mawu a wailesi. Dzuwa lingalekerenji?

Chachitatu, ndipo apa manja anga awawa ndi kuomba, zikomo potitumizira mlendo. Bambo Frackson Chimbalanga, woyendera zipangizo wa ofesi yanu, anafika pa 31 Julayi pa landirova yoyendetsa okha, n'kutiuza kuti akhala theka la ola chifukwa ntchito yawachulukira. Anaiyang'ana firiji, anaigogoda ndi cholembera, anasuzumira kuseri, n'kulemba m'buku lawo kuti batire lilipo. Kunja kunada asananyamuke, ndiye tinawapatsa malo ogona. M'mawa mwake kunali chisanu cha ku Mafinga, chija cholowa m'mafupa osagogoda. Landirova inatsokomola kawiri. A Frackson anapotokola kiyi, kupotokola, kupotokolabe, mpaka galimoto inasiya ngakhale kutsokomola. Tinaitana amuna a m'mudzi kuti akankhe, koma chipatala chathu chili m'chigwa, msewu ndi chikweza uku ndi uku, ndipo amunawo atatuluka thukuta anakumbukira kuti ali ndi ng'ombe zokamwetsa.

Ndinapempha kuti titsegule boneti tione. A Frackson anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati lamulo limanena kuti boneti ya galimoto ya boma amatsegula ndi makaniko wa boma yekha. Tinatumiza uthenga ku Boma. Yankho linabwera loti makaniko alipo, koma akudikira galimoto yoti abwerere kuno, ndipo galimotoyo ikudikira makaniko wina. Theka la ola lija lakwana masiku khumi ndi asanu ndi anayi lero. Mlendo wakhala akugona pabedi langa, ine pabedi loyezera odwala, limene n'lalifupi ndipo limanunkha sipiriti. Chakudya wakhala akuphika ndi Mayi Dinah Namukonda, namwino ndi mzamba wathu, amene anali ndi nkhuku zisanu mlendo asanabwere. M'masiku onsewa a Frackson aphunzira liwu limodzi la Chitumbuka, yewo, limene amalinena mbale ikamabwera, n'kulinenanso mbale ikamabwerera kukatenga zina.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha nkhani zawo. A Frackson akakhuta amakamba, ndipo amakamba za inu, Bwana, zabwino zokhazokha. Anatiuza kuti m'dziko muno mulibe munthu wodziwa kusankha batire ngati inu. Anati m'boti lanu la kunyanja muli batire la buluu, lolemera loti anyamule amuna awiri, limene limayatsa nyali ndi wailesi mpaka kucha inu mukuwedza. Anatinso m'karavani yanu, galimoto ija ya bedi ndi makatani m'kati, muli lina la buluu, limene linaziziritsa zakumwa masiku atatu athunthu pa Nyika, alendo anu mpaka kudandaula mano. Ine ndinasangalala nawo kwambiri. Kenaka ndinakatsegula kabuku kamene anthu akufuna kwabwino a kunja, amene anapereka firijizi, anakaika m'bokosi. Pachithunzi pali firiji, pali sola, pali batire la buluu. Pansi pake analemba kuti mafiriji ndi atatu, mabatire ndi atatu, a zipatala zitatu za m'boma la Chitipa. Masamu ine ndinkawapeza movutikira, koma zitatu kuchotsapo ziwiri ndinakwanitsa.

Musaganize kuti ndinakuganizirani choipa. Ndinazindikira msanga kuti mukuwayesa. Bambo wanzeru salola ana kudya chinthu asanachilawe yekha, ndipo inu simukanalola kuti ana a ku Chitipa alandire batire losayesedwa pamadzi ndi pamapiri. Chinandisowetsa mtendere ndi lachitatu lokha. Ndinati mwina linagwa m'lole pa msewu wa Karonga, umene umagwetsa ngakhale mano a m'kamwa.

Chachisanu ndi nkhuku. Itaona zimene zinagwera anzake anayi, nkhuku yotsala ya Mayi Namukonda, yamawangamawanga, inasowa. Lolemba lapitalo tinaimva ikutetera m'mimba mwa landirova. Inalowera pansi, n'kukwera mpaka pa injini, n'kuyamba kuikira kumeneko, poona kuti ndi malo okhawo pa Kasyeta amene a Frackson sangatsegule. Mayi Namukonda abadwitsa ana kuno zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo amaopa njoka yokha. Anauza mlendo kuti iwo lamulo amalilemekeza, boneti ya boma sangaikhudze, chimene akutsegula ndi khola la nkhuku yawo. Anatsegula. Munali mazira anayi. Pambali pa mazirawo panali batire la buluu, lalikulu, lomangidwa ndi waya poti silinkakwana pamalo pake, ndipo m'nthiti mwake munalembedwa ndi penti yoyera kuti KASYETA.

A Frackson analiyang'ana nthawi yaitali. Anati iwo amangoyendetsa, analiika ndi a ku galaja ya ofesi, amene anawauza kuti abwana anati a buluuwa ndi amphamvu kuposa onse. Ndi amphamvudi, Bwana, koma mphamvu yake si yodzutsira injini ya dizilo m'chisanu. Munatuma wokolola mawere kukayambitsa nyimbo, woyambitsa nyimbo n'kumutuma kumunda, ndiye nyimbo sinayambe, mawerenso sanakololedwe.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Ndinatenga sipanala. La buluu ndinaliika kuseri kwa firiji. Lakuda la lole ndinalimwetsa dzuwa masiku awiri, dzuwa lomweli la ku Chitipa lofooka lija, n'kuliika m'landirova. Ndinachita izi chifukwa cha kumvera, kumene timaphunzitsidwa pa msonkhano uliwonse: batire linalembedwa Kasyeta, ine ndinangomvera zolembedwa. A Frackson atapotokola kiyi kamodzi kokha, injini inabangula mpaka agalu anathawira kudambo. M'mawa wachitatu m'firiji munali madzi oundana enieni, olimba ngati mwala. Lachisanu ndinapalasa njinga mpaka ku Boma, ndipo katemera wa chikuku ali muno tsopano, akuzizidwa monga ayenera. Ndinatumiza uthenga kwa Janet Nakamba kudzera mwa mkulu wa mpingo wa kwawo kuti abwere Lachinayi likudzali. Wayankha kuti abwera kachinayi, koma akadzabwereranso chimanjamanja mwanayo adzandisiyira ndilere ndekha, popeza ndikuoneka kuti ndimakonda kumuona.

Mwina mukudabwa kuti galimoto inalira Lachitatu, nanga mlendo akutaninso kuno. Lachinayi anachapa malaya. Lachisanu malayawo anali asanaume bwino. Loweruka anamva kuti kwa oyandikana nafe apha mbuzi. Lamulungu munthu wopemphera sayenda.

Ndatsala ndi mapempho ochepa, ndipo ndikuwapereka ndi manja awiri. Musatume makaniko kudzabwezera batire la buluu m'landirova, ngakhale ndikudziwa kuti pa ntchito imeneyi galimoto yomubweretsa ingapezeke tsiku lomwelo. Ngati lamulo likufuna kuti wina alangidwe chifukwa cha boneti, langani ine, osati Mayi Namukonda kapena nkhuku yawo. Ndamva kuti chilango cha anthu otere ndi kuwasamutsira kutali. Ndavomera, kungoti mukayang'ana pa mapu muona kuti ndinafika kale. Mukandikankhanso pang'ono ndikhala wantchito wa boma la Zambia.

Za awiri otsalawo, mayeso akatha, chonde atumizeni kwa eni ake. Simuvutika kuwadziwa: tembenuzani batire la m'boti ndi la m'karavani, mbali imene inayang'anitsidwa kukhoma, mupeza maina a zipatala zake. Kumenekonso kuli amayi oyenda maola anayi. Ndipo kuti boti lanu lisakhale mumdima, anzanga a kumeneko akutumizirani mokondwa mabatire akuda a lole amene munawapatsa. Batire ndi batire, Bwana. Adzakuunikirani maola awiri kapena atatu, otsalawo mudzakhale pakati pa nyanja mukuganizira za ife.

Pamene ndikulemba mzere uno injini ikulira pabwalo. A Frackson atsanzika kachitatu, abwerera kudzatenga chipewa, abwereranso kudzafunsa ngati mazira aja ali ndi mwini wake. Mayi Namukonda aima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno, ndipo funsolo lafera m'malere. Kalatayi ndiwapatsira pawindo, ina yofanana nayo ipita ku nyuzipepala, kuti kuthokoza kwanga kusabisike. Akwera. Atseka chitseko. Landirova yayang'ana chikweza, ikungodikira kalatayi.

Mukadzafuna kudziwa ngati firiji ikuzizirabe, musavutike kutumanso munthu, nkhuku yatsala imodzi. Bwerani nokha tsiku la sikelo, muime pamzere pamodzi ndi amayi. Mzerewo ndi wautali, koma tsopano ukuyenda.

Ine wantchito wanu wosayenera, wogwada mpaka maondo kuchita zipsera,

Wallace Kadzakumanja,
Wothandizira Dokotala, Kasyeta.