Injini Ikubwera Lachitatu

Lolemba, 15 Meyi

Yafika! Lole yaitsitsa pakhomo pa galaja yomwe ndachita lendi kuseri kwa mafulati athu kuno ku Barking. Galimoto ya mipando iwiri, yopanda denga, yofanana ndendende ndi zija za mpikisano za anthu olemera. Ndikuti yofanana, chifukwa yeniyeniyo sindingaikwanitse ngakhale nditasambitsa nkhalamba zonse za mu London mpaka Yesu adzabwere. Iyi ndi yomaliza wekha. Amakugulitsa chasisi chili pa matayala, bodi pamwamba, zotsalazo uone ndi manja ako.

Zomwe ili nazo:
matayala anayi, onse ozungulira
chiwongolero
mipando iwiri
bokosi la mabawuti
buku la malangizo, kunenepa kuposa Baibulo la pa guwa

Zomwe ilibe: injini, giyabokosi, mawaya, magetsi, penti. Tizinthu ting'onoting'ono basi.

Mzungu wondigulitsa, mdala wa ndevu zoyera, akuti wakhala nayo zaka khumi ndi chimodzi osaimaliza. Akundigwira paphewa ngati ndaferedwa: "Good luck, mate." Mkazi wake akubayibitsa lole ndi manja onse awiri. Zaka khumi ndi chimodzi! Ulesi wake umenewo. Ku Ndirande amatsitsa injini ya minibasi m'mawa, pofika madzulo yanyamula kale anthu a ku Limbe.

Ine ndili ndi masiku asanu. Loweruka ndi ukwati wa Tadala, mwana wa achemwali anga a ku Balaka. Achemwaliwo awakaniza viza kawiri, ukwati wa mwana wawo woyamba adzauonera pa zithunzi. Analira pafoni mpaka khadi yoimbira inatha. Ndinagula ina, n'kuwauza kuti asadandaule, malume alipo, Tadala adzafika pa holo m'galimoto yoti Balaka yense adzaikambe. Ndinanenanso zomwezo ku komiti ya ukwati, nditaimirira, pamaso pa anthu makumi awiri. Zinalembedwa m'maminitsi.

Dongosolo: Lachiwiri mawaya. Lachitatu injini. Lachinayi mapepala. Lachisanu penti ndi kupumula.

Akazi anga aiyang'ana kamodzi kokha. "Bambo a Chiko, wilibala imeneyi mwaigula ndi nzeru zanu zonse?" Nsanje.

Lachiwiri, 16 Meyi

Ndalakwitsa chinthu chimodzi. Ndauza Mayi Gondwe kuti ndili ndi galaja.

Mayi Gondwe ndi nesi, ndiwonso wapampando wa komiti. Iwo akadziwa, Tottenham yadziwa, Peckham yadziwa. Mmalawi wa ku London akamva kuti mnzake ali ndi galaja samva za galimoto ayi, amamva za malo. Pochoka ku shifiti ndikupeza pakhomo pali:
mapoto asanu ndi limodzi a ukwati, oti mwana n'kusambamo
matumba a mpunga
mipando yopinda makumi anayi
firiji ya munthu amene sindikumudziwa

"Mutisungireko pang'ono, a malume, just until Saturday." Firijiyo akuti ikudikira kontena yopita kumudzi. Kontenayo inyamuka liti? "Soon." Ukane bwanji, ndiwe malume wa mkwatibwi? Ndikumwetulira. Ndikuthokozanso, sindikudziwa chifukwa chake.

Madzulo afika a Phiri, makaniko wanga. Anabadwira pa famu ku Zimbabwe, bambo awo anali a ku Dedza, ndipo akuti anakulira kunsi kwa thalakitala. Pano amayendetsa basi. Azungulira galimoto katatu, amenya tayala ndi phazi, atsegula boneti, asuzumira m'dzenjemo nthawi yaitali ngati muli nsomba.

"Mdala, thalakitala na mota ni same same. Difference ni speed chabe."

Buku la malangizo aliika pansi kuti azigwadirapo. Mawaya atulutsa m'thumba onse pamodzi, opiringizana, ofiira okhaokha. Atatha maola atatu alumikiza batire, ndipo hutala yalira! Tikukumbatirana. Hutala yokha, koma ikulira ngati ya sitima. Mdala uja zaka khumi ndi chimodzi sanaimvepo.

Lachitatu, 17 Meyi

Injini yabwera, ya galimoto yakale yomwe inachita ngozi. Wogulitsa zitsulo zakutha akulumbira kuti ikuyenda bwinobwino. Ndikufunsa kuti anaimva ikulira liti. Akuyang'ana kumwamba.

Vuto: tiikweza bwanji? Kwathu nkhani yake ndi yachidule. Umakankhira galimoto pansi pa mtengo wa mango, tcheni panthambi, kukoka, kutsitsa, basi. Kuno mtengo ulipo umodzi pabwalo lonse, woonda ngati wadwala chaka. Tangoponyapo chingwe, windo la pamwamba latseguka. Gogo wachizungu: "That tree belongs to the council!" Mtengo uli ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali ndi foni.

Ndaitana amuna anayi a kutchalitchi. Tapisa chitsulo pa tcheni, tasenza pamapewa, tikuyenda pang'onopang'ono. Wina wayambitsa nyimbo ya maliro. Aseka onse. Ine sindikuseka.

Injini yalowa theka, yakana. Tatembenuza, yakana. Mabowo a mabawuti ali uku, a chasisi ali uko, sakudziwana n'komwe. Ndatola buku lija pansi, ndapukuta mafuta a mawondo a a Phiri, ndipo patsamba lachitatu penipeni palembedwa mtundu wa injini yofunika. Si imeneyi.

A Phiri sakutekeseka. "Mabuku ni ya azungu, mdala. Tizawotcherera."

Kuwotcherera kufuna magetsi. M'galaja mulibe soketi. Fulati yathu ili pansanja yachitatu. Ndalumikiza zingwe zinayi kuchokera kukhitchini, kudzera pawindo. A Phiri angoyatsa makina, thi! Nyumba yonse zii. Akazi anga anali pakati pophika makeke a ukwati.

Zomwe anena sindilemba muno. Bukuli ana angadzaliwerenge.

Katundu wafika lero: matiresi awiri, njinga, makatoni a nsapato. Zonse za kontena. Galimoto tsopano ndikuiona mbali imodzi yokha.

Lachinayi, 18 Meyi

Tsiku la mapepala. Ndapempha nthawi yopuma kuntchito, ndaimbira ofesi yoyeza magalimoto omanga wekha. Akuti isanaponde msewu ayenera kuiyeza yonse, mabuleki, magetsi, malamba, ngakhale kuthwa kwa m'mphepete mwa galasi, kenako ndiye nambala.

Ndayamba mwaulemu, mwakwathu. Ndamufunsa mayi wa pafoniyo mmene wadzukira. Ndafunsa za kunyumba. Ndafotokoza za Tadala, za viza, za achemwali, za maminitsi a komiti. Wamvetsera zonse, munthu wabwino ndithu. "Aw, lovely. Earliest I've got is August."

Ogasiti! Ndikuti mayi, ukwati ndi mkuja. Akuti ndiye ndiwafunire mafuno abwino.

Ndaimbira Mayi Gondwe, poti iwo sasowa munthu. Akuti alipo Mmalawi amagwira ntchito kumeneko, mwamuna wa mnzawo. Mtima wanga pansi. Ndamuimbira. Amakolopa, Lachiwiri ndi Lachisanu. Wandilonjeza kuti akandipempherera, ndipo wafunsa ngati m'galaja mwatsala malo a wailesi yakanema.

Madzulo wabwera Tadala yekha, yunifolomu ya kuchipatala ili m'thupi. Wadutsa pakati pa matiresi ndi firiji, waima. Injini ili panja theka ngati ng'ombe yobereka. Wayang'ana galimoto, wayang'ana ine.

"Amalume, inayo ibwera liti?"

Ndikuti inayo iti. Akuti mbali yotsalayo. Kenako waseka mpaka wakhala pa thumba la mpunga. Akuti ndisavutike, iye angakwere ngakhale sitima ya District line ndi velo lake, chachikulu ndi kukwatiwa. "Koma amayi ndiye auza Balaka yense. Akuti mpaka abusa alengeza."

Apo ndiye pandipweteka. Tadala angandikhululukire. Koma achemwali anandilera ine, anasiya sukulu kuti ine ndipitirize, ndipo chiyambire sanandipemphepo kanthu. Ichinso sanapemphe, ndinalonjeza ndekha ndi pakamwa pangapa. Ndikuchita manyazi, ndipo ndikuopa.

A Phiri atumiza uthenga: awasinthira shifiti. Aoneka Loweruka.

Lachisanu, 19 Meyi

Tsiku lopumula lija.

Injini taitulutsanso, ili pakona, amayi aikapo kale beseni la anyezi. Galaja yasanduka khitchini. Amayi asanu ndi atatu, zitenje m'chiuno pamwamba pa majuzi, akusenda, akuduladula nkhuku, akuimba. Boneti ya galimoto yanga ya mpikisano akuti ndi yabwino kukandirapo ufa wa mandasi, kutalika kwake n'koyenera msana.

Ndawachotsa mwaulemu. Ndapaka penti yofiira ndi bulashi ya m'nyumba. Ukaima patali ikuwala. Ukayandikira ukuona tsitsi la bulashi ndi khoko limodzi la anyezi. Chikomekome cha mkuyu.

Ndaima pakati pa amayiwo, ndavula chipewa, ndaulula: galimoto siyenda mawa. Ndimayembekeza chipongwe. Mayi Gondwe sanasiye n'komwe kudula kabichi.

"A malume, ife tinadziwa Monday. Mumaona ngati tikudikira inu? Plan B ilipo kale."

Anadziwa Lolemba! Ndiye amandionerera sabata yonse ndikusenza zitsulo ngati bulu.

Dongosolo lawo, lolembedwa kale, mwina ndi m'maminitsi momwe:
lole inyamula galimoto m'mawa kukaisiya pageti la holo, mkati mwa mpanda
akwati abwera kuchokera kutchalitchi pa minibasi ya kuntchito kwanga, ija yokwezera nkhalamba zili pa njinga zawo za olumala
atsikira kuseri, akwera yangayo pageti
amuna anayi akankha mpaka pakhomo, atawerama
wojambula aima kutsogolo, ndipo wauzidwa kuti akajambula okankha sadya

Ndafunsa za phokoso la injini, poti pa vidiyo anthu adzadabwa galimoto yoyenda mwakachetechete. Mayi Gondwe andiyang'ana ngati wodwala wokana mankhwala. "Nanga ife tilipo chifukwa chiyani?"

Loweruka, 20 Meyi

Mvula. Inde. Walira mvula walira matope, koma ine sindinalire chilichonse, ndinangogula galimoto yopanda denga ku England.

Maliboni oyera, mabaluni, maluwa pa boneti pobisa khoko la anyezi. Ikukongola, ndisaname. Ndavala suti, ndapukuta chiwongolero, ndakhala pampando woyendetsera. Mayi Gondwe andikodola. Mipando ndi iwiri. Wina wa mkwatibwi, wina wa mkwati. Sabata yonse ndawerenga mabawuti, mipando sindinawerenge.

"Inu a malume, kumbuyo. Pakati, poti ndinu eni ake."

Diresi la Tadala ladzaza galimoto yonse, mkwati akungooneka mutu. Ambulera wagwira yekha mkwatibwi. Kumbuyo tili anayi: ine, a Phiri, ndi madikoni awiri, mawondo m'madzi.

Mayi Gondwe akweza dzanja. Amayi makumi atatu mbali zonse ziwiri atsegula kukhosi. Nthungululu! Sindinamvepo zotere chichokereni kumudzi. Mkwati akuliza hutala ya a Phiri osalekeza, ng'oma za kwaya zalowa, wina akuyala zitenje pansi kuti matayala apondepo. Ngakhale ikanakhalamo injini ya ndege palibe akanaimva. Mawindo a nyumba zoyandikana atseguka onse.

Tikukankha. Ndi yopepuka, poti mulibe kanthu. Yayamba kuthamanga. Pamenepo ndakumbukira kuti mafuta a mabuleki sanali pa dongosolo la tsiku lina lililonse.

"Gwirani, mdala! Gwirani!"

Tasiya kukankha, tayamba kukoka. Nsapato zikutsetsereka. Dikoni mmodzi wagwa. Ine ndakakamira bampala, ndakwekwerezeka ndi mawondo, ndipo yaima chala chimodzi kuchokera pa nsapato za abusa. Anthu akuwomba m'manja, akuti mkwati ndi dalaivala wodziwa.

Tadala potsika wazungulira kumbuyo, wandipeza ndili chogwada, thalauza itang'ambika. Wandikumbatira ndi matope omwe. "Zikomo amalume." Ndalira pang'ono. Anthu aganiza kuti ndi mvula.

Lamulungu, 21 Meyi

Msana sukuwongoka. Kutchalitchi sindinapite. Galimoto yabwerera m'galaja, mapoto achoka, m'malo mwake mwalowa wailesi yakanema ya wokolopa uja.

Masana foni yalira kamodzi n'kuduka. Achemwali. Ndagula khadi, ndaimba. Zithunzi zafika kale pa intaneti, mwana wa aneba awo wazisindikiza, ndipo zayenda m'manja mwa mpingo wonse. Akulira, koma kulira kwina.

"Achimwene, mwandichotsa manyazi. Mwana wanga ngati mwana wa nduna! Koma bwanji inuyo simukuoneka pa chithunzi ngakhale chimodzi?"

Ndati ndinali kumbuyo, kuyendetsa zinthu.

Ndinakonzeka kuwauza zoona, mawu anali pamlomo. Andidula. Akuti Mphatso, mng'ono wake wa Tadala, wapeza banja, ukwati ndi Disembala ku Balaka konko. Amva kuti kuli kontena ikunyamuka posachedwa. Akwatiwo aiona kale galimotoyo pa chithunzi, ndipo abusa alengeza m'mawa uno.

Ndati chabwino achemwali.

Akazi anga amva zonse ali kukhitchini. Angondibweretsera tiyi ndi buku la malangizo lija, atalitsegula patsamba lachitatu.

Mdala wa ndevu zoyera uja ndamukhululukira. Galimotoyo ndikaipakira m'kontena momwe ililimu, injini pampando. Ku Balaka mitengo ya mango ilipo yambiri, ndipo okankha sasowa.