Matayala a Kapinga pa Chitunda cha Kwathu

Lolemba, 9 Disembala

Ukwati wa mlongo wanga Rozita ndi Loweruka. Mvula yayamba kale kwathu ku Zobwe.

Amayi aimba foni m'mawa. Za moyo wanga sakufunsa n'komwe. "Chitunda chija chayamba kuterera. Apongozi a mlongo wako afika bwanji pakhomo?"

Kuchokera pamsewu wa phula kukafika kwathu pali chitunda cha dothi lofiira. Tsiku la chinkhoswe, bambo ake a Jasinto, mkwati wathuyo, anasiya galimoto kumsewu n'kukwera wapansi, ndodo m'manja, akukoka mwendo wawo womwe unavulala kumgodi. Atafika anati, "Kani mwana wathu akukwatira komwe galimoto siifika." Iwo anaseka. Amayi sanaseke, ndipo mawuwo akali nawo pamtima.

Ndiye pakamwa pangapa, pomwe masiku onse pamakhala potseka, patseguka pokha. "Amayi, musadandaule. Ndibwera ndi thirakitala. Galimoto zidzafika mpaka pamtengo wa mango."

Ndayankhula bwanji zimenezi?

Thirakitala ndili nayodi. Kampani yathu ya kumgodi itatseka kampu yake, katundu wotsala anatigawira. Anzanga anathamangira majeleira, mafiriji aja, ndi matiresi. Ine ndinaima kumbuyo kudikira kuti anditchule dzina. Chomwe chinatsala ndi kathirakitala kofiira, msinkhu wa thole, kokhala ndi chitsulo chokankhira kutsogolo. Mzungu wina anabwera nako kuchokera kwawo kozizira. Kakhala kuseri kwa nyumba kuno ku Moatize, m'dera la 25 de Setembro, kakumwa fumbi la malasha. Dona Marita, eni nyumba, amayanikapo matewera a zidzukulu.

Zochita:
kuchotsa matewera
kupeza mafuta
kuphunzira kuyendetsa

Lachiwiri, 10 Disembala

Kalira! Utsi wakuda bii, nkhuku zonse zathawira kwa aneba, koma kalira. Ndazungulira bwalo bwinobwino. Ndagunda ndowa imodzi yokha.

Madzulo ndikufufuza pafoni dzina lolembedwa pambali pake. Zomwe zikubwera ndi mavidiyo a azungu ovala majekete onenepa, akukankha chipale chofewa pakhomo pawo. Chimene amachitcha neve m'mabuku a kusukulu chija. Kani chitsulo chakutsogoloku ntchito yake ndi imeneyi!

Onse akukangana za matayala. Akuti alipo amitundu itatu:
a kumunda, a mano akuluakulu, okumba pansi
a kumalo omanga, a mano apakati, olimba
a kapinga, a timizere ting'onoting'ono, opangidwa kuti asapweteke udzu

Ndatuluka kukawona anga. Ndi a kapinga. 

Koma ndawerengabe, ndipo ambiri akuti pa chipale matayala a kapinga amagwira bwino kuposa momwe munthu angaganizire. Ndi otambalala, timizere tawo n'tambiri, tonse timaluma pang'onopang'ono. A mano akuluakulu aja akuti amaterera chipalecho chikalimba. Wina akuti ukawamanga matcheni ndiye basi, palibe chokuletsa.

Funso ndi limodzi lokha. Kodi matope ndi chipale n'zofanana? Zonse n'zofewa. Zonse n'zonyowa. Zonse zimayamba ndi mitambo. Ndinaphunzira za nthaka ndi nyengo kuyunivesite, n'chifukwa chake anthu amanditcha dotolo, ndiyenera kudziwa. Sindikudziwa.

Lachitatu, 11 Disembala

Munthu wophunzira sangokhulupirira, amayesa. Ndazimitsa jeleira ya Dona Marita, ndapala chipale cha m'kati mwake ndi supuni, chadzaza beseni. Cholinga n'chakuti ndichithire pansi, pambali pake ndithire matope, ndipondepo ndi tayala, ndifananize.

Pochoka kukhitchini kukafika kuseri kwa nyumba, m'beseni muli madzi okhaokha. Kutentha kwa Moatize!

Ndaiwala kuyatsanso jeleira. Dona Marita: "A dotolo, nsomba zangazi zakulakwirani chiyani?"

Zomwe ndapeza: chipale chikatenthedwa chimasanduka madzi, madzi akagwera pa dothi amasanduka matope. Choncho pali chibale ndithu. Ndalemba zimenezi, ndaziwerenganso, sizikundikhazika mtima pansi.

Ndapita kumsika kukafuna matayala a mano, mwina n'kupezeka. Wogulitsa wayang'ana chithunzi pafoni nthawi yaitali. "Achimwene, iyi ndi thirakitala kapena wilibala?" Saizi imeneyi kulibe Tete yense, akutero.

Amalume a Furujensiyo, omwe ndi ankhoswe a Rozita, aimba. Alengeza kale kutchalitchi kuti mphwawo akubwera ndi makina a kumgodi. "Anthu akufunsa ngati tidule mitengo kuti adutse."



Lachinayi, 12 Disembala

Kathirakitala takakweza pa lole yopita kumalire. Ulendo wonse ndakhala kumbuyo, nditakagwira ngati mwana wodwala. Tikamakwera mapiri mphepo ikuzizira, mitambo ikuda.

Pamphambano ya kwathu pali anthu ngati pamsonkhano. Amalume avala jekete. Anyamata anayi okha akatsitsa, opanda ngakhale thabwa. 

Amalume akazungulira, akagogoda ndi chala. "Mayi wake akubwera m'mbuyomu?"

Rozita yekha ndiye wandikumbatira. "Achimwene, ine sindikufuna zambiri. Diresi langa likafike pakhomo lili loyera, basi."

Ndayenda chitunda chonse kuchiyang'ana. N'chokhakhala kwambiri. Miyala ili tuutuu paliponse, ina yasongoka, pakati pake matope. M'mavidiyo muja amakankha zonse mpaka pansi pasalale. Mawa ndichita chimodzimodzi.

Zondidetsa nkhawa:
mitambo
matayala
chikhulupiriro cha Rozita, makamaka chimenechi

Lachisanu, 13 Disembala

M'mawa kulibe mvula. Kathirakitala kakwera chitunda chonse osavuta, kakudumphadumpha pamiyala. Matayala a kapinga! Azungu aja sananame. Ndatsitsa chitsulo, ndayamba kukankha chotsetsereka. Miyala ikuzuka, ikugubuduzikira m'chigwembe cha m'mbali. Kumbuyo kwanga njira ikutsala yosalala, yofiira, yokongola ngati pansi pozira kumene. Amayi ena aimba nthungululu. Kwa kanthawi ndikumva ngati ndine munthu wodziwa zinthu.

Masana mvula.

Ndikuti ndikwerenso kuti ndikamalize. Timizere tonse ta matayala tadzaza matope, asalala ngati dazi la amalume. Akuzungulira pamodzimodzi. Ndikuwonjezera moto, akupopera matope kumaso kwa anthu ondikankha. Kenaka kayamba kutsetsereka cham'mbali, pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka kakhala chopingasa pamalo opanikizika penipeni, mphuno kukhoma la dothi, matako kuchigwembe. Kamira mpaka pamimba.

Matcheni! Amalume amasula galu wawo n'kundipatsa tcheni. Tamanga tayala limodzi. Tcheni laduka nthawi yomweyo. Galu sanabwerere.

Amayi atsika atafunda pulasitiki. Sakuyang'ana thirakitala, sakuyang'ana ine. Akuyang'ana m'chigwembe.

"Miyala ya bambo ako ija ndi imeneyo?"

Ndiye ndakumbukira. Titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, panalibe njira pano. Malemu bambo ankatuta miyala kumtsinje, dzinja lililonse, n'kumaikhomera m'matope umodziumodzi. Ine ndinali wamng'ono, ndinkanyamula timiyala ta m'manja. Ndakhala ndikuiponda moyo wanga wonse mpaka ndinayamba kuyesa kuti inamera yokha.

Tsopano yankho la funso la Lachiwiri ndalipeza. Kwa azungu kuja, pansi pa chipale pali msewu. Kuno pansi pa matope pali matope. Msewu ndi umene ndaukankhira m'chigwembe.

Loweruka, 14 Disembala

Kale galimoto zamphamvu zinkafika mpaka pakati pa chitunda. Lero ngakhale njinga siyikwera.

Galimoto za ku Moatize zandanda kumsewu wa phula, maluwa ndi maliboni akunyowa. Alendo akuvula nsapato. Azimayi a zidendene zazitali akukwera atagwirana m'chiuno ngati akuwoloka mtsinje. Akuyankhula Chinyungwe mothamanga. Ndikumva mawu amodzi okha obwerezabwereza: dotolo.

Zomwe zagwa pachitunda:
wojambula zithunzi
akwaya awiri
gawo lapamwamba la keke
amalume, atavala jekete lija

Bambo ake a Jasinto tawanyamula pa mpando wa pabalaza, anthu anayi, ine kutsogolo kumanja. Pothirakitala mpata ndi wochepa, tachita kuwadutsitsa pamwamba pake. Ali m'mwambamo akugwedeza ndodo. "Ulendo watha ndinakwera ndi miyendo yanga, lero pa machila! Banja ili likutukuka!" Anthu onse aseka. Ndayang'ana amayi. Aluma mlomo, mapewa akugwedezeka. Kuseka kapena kulira, sindikudziwa, ndipo sindingafunse.

Rozita wavala majombo a kumgodi a mwamuna wake, diresi walikwinyira m'kapulana, chitenje chomanga m'chiuno chija. Wakwera bwinobwino mpaka pothirakitala. Podzipanikiza kuti adutse, kapulana yakodwa pa chitsulo chokankhira chija, yamasuka. Diresi lonse pansi.

Wayang'ana m'mphepete mwake mofiiramo. Wayang'ana ine. Ndikufuna nthaka itseguke, ndipo mmene yafewera ingathedi kutero.

"Achimwene, poti mwatibweretsera mpando, tiyeni tiugwiritse ntchito." Wakwera pathirakitala, Jasinto waima pambali pake, wojambula wamatope uja wajambula. Kenaka aliyense akufuna chithunzi chake pomwepo. Mzere wafika mpaka kumsewu.

Pa madyerero ndakhala kuseri, kumaphikidwe, ndikuthandiza kutsuka mbale. Palibe wandithamangitsa. Palibenso wanditcha dotolo.

Lamulungu, 15 Disembala

Alendo apita. Apongozi tawatsitsa pa mpando womwe uja. Akuti ukwati wotere sadzauiwala, ndipo ndikukhulupirira.

Rozita wasiya diresi litanyikidwa m'beseni. Dothi la kwathu silichoka pa nsalu yoyera, tonse tikudziwa. Potsanzikana wanditsina khutu ngati kale.

Thirakitala ikhala pomwepo mpaka mvula idzathe. Amalume akuti ng'ombe zingaikoke, koma mwini ng'ombe wabwera, wayang'ana, wabwerera. Amayi ayanikapo kale nsalu za patebulo. Galu wabwera yekha, akugona pansi pake.

Titaweruka kutchalitchi amayi andipatsa nkhata ndi khasu. Ndatsikira m'chigwembe. Iwo akhala pampando wa thirakitala, akuloza ndi kamtengo. Mwala uliwonse akuudziwa.

"Wophwatalalawo ndi wa pokhota. Ayi, utembenuze. Bambo ako ankauika chamimba pansi."

Ndakwezako ochepa chabe, msana ukuwawa kale. M'chigwembe mukadali modzaza. Ndinawerenga kuti kwa azungu kuja, ukalephera kukankha chipale umangodikira, dzuwa likabwera chimasungunuka chokha. Ndawauza amayi zimenezi. Akuti anthu amenewo ali ndi mwayi.

Ndawafunsa kuti bambo zinawatengera nthawi yaitali bwanji.

"Usawerenge. Uzibwera Loweruka lililonse. Bola pofika ukwati wako galimoto zidzafike pamango."

Ndilibe chibwenzi. Sindinayambe ndafunsirapo munthu. Nthawi ilipo yokwanira.