Chipanda cha Apongozi M'ndege ya ku Joni

Mpaka lero ndege ikamadutsa pamwamba pa mudzi wathu ku Kandeu, ine ndimalowa m'nyumba. Anthu amati ndimaopa phokoso. Si phokoso ayi, ndi manyazi.

Chaka chimene ndinalembetsa ntchito ya kumigodi ku Joni, n'kuti ndikufunsira Najere, ndipo mayi ake anali asanandikhulupirire. Bambo anga anapitako kale wapansi. Ananyamuka atakolola, n'kukafika mvula itagwa, akugona m'mafamu a ku Halale. Ndiye nditamva kuti ife tikakwera ndege ku Blantyre, ndinangoti njira ndi yomweyo, kungoti iyi ili ndi mapiko.

Ndinadzitama nazo mudzi wonse. Mayi a Najere atamva, anandiyankhula ali kuseri kwa nkhokwe, monga achitira apongozi.

"Akuti mudzera ku Halale? Mwana wanga Yohane ali pafamu ya fodya kumeneko. Mukampatse thobwa ili, alaweko zakwawo. Mukatero ndidziwa kuti ndinu munthu wotumika."

"Musade nkhawa, amayi. Ndege ikakaima kuti timwe madzi, ndikathamangirako." (Taonani kupusa kwake. Ngakhale dzina la famuyo sindinafunse.)

Chipandacho anachitseka ndi chitsononkho, ine n'kuchikulunga m'bulangete. Ku Blantyre tinadikira masiku angapo kunja kukutentha, thobwa likusasa mwakachetechete.

Tinanyamuka m'mawa. Makutu anatseka, matumbo anatsala pansi. Nditalimba mtima n'kutsegula maso, ndinakodola kapitawo wotiperekeza, bambo wa jekete loyera.

"Pepani bambo, tikafika ku Halale muwauze adalaivala aime pang'ono. Ndili ndi katundu wa apongozi."

"Halale? Achimwene, dziko limenelo tikulidutsa panopa. Titera ku Francistown dzuwa lisanapendeke, kuchoka apo ndi sitima."

"Osagona panjira?"

Asanayankhe, bulangete linangoti phuu! Chitsononkho chinakamenya denga, thobwa n'kutumphuka, jekete loyera lija n'kusanduka lofiirira. Ndinayesa kutseka ndi chikhatho, ndiye kunali kuwazira mzere wonse. Anzanga amene ankapemphera ndi mantha anasiya pemphero pakati, kuseka mpaka kutsokomola. Kapitawoyo anandilanda chipanda, ndipo sindinachionenso. Kumgodi dzina langa linali Thobwa mpaka ntchito kutha.

Pobwerera kumudzi ndinakonza bodza labwino, loti Yohane anamwa mpaka kugwetsa misozi. Kufika pakhomo, wondilandira sutikesi anali Yohane yemweyo, atabwerako kale ku Halale, akuluma milomo kuti asaseke. Nkhani yonse anali ataimva kwa anzanga amene anabwerako msanga, ndipo apongozi anali ataifotokoza kale kuchitsime, kumtondo ndi kutchalitchi komwe.

Apongozi anandipatsa Najere ndithu, atandizunguza nyengo yonse ya dzinja ndikuwalimira munda. Ndinkayesa nkhani yathera pomwepo. Lero ndili ndi imvi, iwo akuyendera ndodo, koma ndege ikangomveka kumwamba amatuma munthu kudzandifunsa ngati yabweretsa chipanda chawo.